Tsiku Limene Maadiresi Anasowa

A Mawaya anawapeza pansi pa masitepe a kuseri kwa nyumba ya maofesi, nthawi ya nkhomaliro itangodutsa. Anali chagada, mwendo wina utapindikira pansi pa unzake, nsapato ya kumanzere itatsala pa sitepe yachisanu. Msewu wonse unkawatchula a Mawaya, chifukwa kwa zaka makumi awiri palibe anawaonapo opanda kachingwe kolendewera m'thumba la malaya.

Sajeni wa polisi anagwada pambali pawo. Anali mayi woti waona mitembo yambiri pa ntchito yake, ndipo anali ataphunzira kuyang'ana kaye zozungulira asanayang'ane nkhope. Pansi pa mutu wa malemuwo panali mpango wa m'thumba wopindidwa kanayi. Maso anali otsekedwa bwinobwino. Magalasi awo anali pa sitepe yoyamba, opindidwa, ngati mmene munthu amawaikira pa tebulo akafuna kugona.

"Munthu sagwa masitepe khumi ndi awiri n'kudzuka kuti apinde magalasi ake," anatero Sajeni, osalankhula ndi wina aliyense.

Anakwera m'mwamba. Kachipinda ka a Mawaya kanali kopapatiza, kotentha, konunkha fumbi lopsa. Pa shelefu yachitsulo panali makina atatu akale, akulira pansipansi, timagetsi tawo tikuphethira. Kutsogolo kwa kompyuta kunali mipando iwiri yokokeredwa pafupi kwambiri, moti okhalapo mapewa awo ankagundana. Pa tebulo panali makapu awiri a tiyi. Ina inali yopanda kanthu. Inayo anangoilawa.

*

A Telala, amene anaupeza mtembowo, anali atakhala pa mpando wawo wosokera m'nyumba yomweyo, tepi ili m'khosi. Pakamwa pawo sipanafooke.

"Mayi Sajeni, ine ndimasoka, sindisoka nkhani. Ndinena zomwe ndamva ndi makutu angawa. Lero m'mawa 9 koloko itangokwana, mafoni onse anapenga. Inunso mwaona. Kubanki anthu pamzere mpaka panja, kusitolo ya mankhwala kompyuta yangoti ndwii. Ine ndinali ndi mayunifomu a sukulu ya mkaka oti apite, koma wa njinga yamoto uja timamuitanira pa intaneti ya pa foni. Ndinayesa, ndinayesa, ayi ndithu. Ndiye ndinangoti, miyendo ndili nayo, ndinyamule ndekha."

"Munachoka nthawi yanji?"

"Itangodutsa 10. Ndinabwera 1 koloko, n'kulowera kuseri kuti ndikasambe m'manja, ndiye… Mnzanga ameneyu, mayi. Zaka makumi awiri. Mathalauza ake onse ndinapinda ndine."

"Musanachoke munamva chiyani?"

"Kuseka."

"Kuseka?"

"Iwowo. Ankaseka mpaka kutsokomola, n'kumamenya tebulo. Ndinaima ndi katundu m'manja kumvetsera, chifukwa kuseka koteroko ndinakumva komaliza zaka ziwiri zapitazo. Panali mawu enanso, aamuna, koma otsika. Sindinawazindikire."

Sajeni analemba. "Ntchito yawo kwenikweni inali yotani?"

A Telala anapukuta maso ndi kansalu kotsala. "Anandifotokozera kambirimbiri mpaka ndinaloweza. Ankati, Telala, ukalemba dzina la tsamba la pa intaneti pa foni yako, foniyo sidziwa kuti tsambalo lili kuti. Imayamba yafunsa kwa wosunga maadiresi, ngati mlendo wofunsa njira. Wosungayo akayankha, ndiye imapita. Akapanda kuyankha, tsambalo lilipo ndithu, lili bwinobwino, koma palibe angafikeko. Kale osunga maadiresiwo anali ambirimbiri, ang'onoang'ono, ndipo mmodzi anali iwowa. Chipatala, masukulu, a ambulansi, onse mayina awo ankakhala m'kachipinda kameneko. Kenaka kunabwera makampani akuluakulu, atatu kapena anayi dziko lonse lapansili, n'kuwameza onse. Lero imodzi yangoyetsemula, taonani, mzinda wonse wagona ndi chimfine."

"Ndiye makasitomala onse anawathawa."

"Sanathawe okha. Anachita kutengedwa, mmodzimmodzi, ngati mabatani a malaya akale."

"Ndi ndani?"

A Telala anayang'ana kukhomo asanayankhe.

"Ndi mwana wawo yemwe. Uja timamuti Tayi."

*

Woyang'anira nyumbayo anali bambo wouma, wolankhula ngati akuwerenga kalata.

"Makamera alipo anayi. Onse ndi atsopano. Onse amagwira ntchito."

"Ndionetseni za lero m'mawa."

"Palibe."

"Mwati amagwira ntchito."

"Amajambula, inde. Koma zithunzi sizisungidwa muno. Zimatumizidwa kunja pa intaneti. Kuyambira 9 koloko mpaka hafu pasiti 12 makamera sanapeze kotumiza. Si vuto la ofesi yanga."

"Anakuuzani kuti muike otere ndani?"

"Mwana wa malemu. Bambo ake anatsutsa pa msonkhano. Zinalembedwa." Anaima pang'ono, ndipo mawu ake anafewa kamodzi kokha. "Anati tisiyeko kabokosi kosungira muno. Tinawaseka."

*

Kunyumba kwa a Mawaya anthu anali atayamba kale kusonkhana. Mipando ya pabalaza anali ataikankhira kukhoma. Mayi wa m'nyumbamo anakhala pakona, manja ali pa maondo, osalira, akungoyang'ana pamene panali tebulo. Sajeni anawapepesa mwachidule, n'kupempha kulankhula ndi mwana wawo kukhitchini.

Tayi anali bambo wa zaka pafupifupi makumi anayi, wamtali ngati malemu. Tayi yomwe anamutchulira nayo dzina inali pakhosi ndithu, koma yomasuka, yokhotera kumbali. Mkazi wake anaima kumbuyo kwake, dzanja lili pa phewa la mwamunayo.

"Bambo anu munawaona liti komaliza?"

"Papita nthawi. Sitinkayenderana."

"Chifukwa?"

"Ntchito." Anayang'ana pansi. "Anandiphunzitsa okha zonse. Ndinawauza kuti dziko lasintha, makina atatu pa shelefu sangapikisane ndi kampani yokhala ndi makina m'mayiko makumi asanu. Kampaniyo itandilemba kuti ndikhale woiimira kuno, iwo anati ndawagulitsa."

"Lero m'mawa munali kuti?"

"Kunyumba kwanga. Foni inkangolira, aliyense akunditukwana. Ndinalibe choti n'kuchita, vuto linali kutali. Ndinangokhala m'nyumba."

"Alipo anakuonani?"

"Ine ndinali kuntchito," mkazi uja analowererapo mwachangu, "koma anali kunyumba, mayi, ndikutsimikiza. Lero ndi tsiku limene zotsatira za mayeso a mwana wathu wamkazi zimatuluka. Bambo akewa analonjeza kuti sachoka pakhomo mpaka ataziona. Anazijambula n'kunditumizira, kungoti uthengawo unafika masana. Taonani." Anatulutsa foni, misozi ikutsika. "Wakhoza zonse. Wakhoza zonse, tsiku lomweli agogo ake…"

Sajeni analandira foniyo. Chinali chithunzi cha tsamba la sukulu, dzina la mwana pamwamba, maphunziro asanu ndi awiri ali mu mzere. Pakona ya chithunzicho, tinambala tating'ono tinkaonetsa nthawi imene chinajambulidwa: 10:04.

"Mwana wanzeru," anatero Sajeni, n'kubweza foniyo. Tayi sanadzutse mutu.

*

Kutacha, Sajeni anapita kusukulu kuja. Usiku wonse tinambala tija tinamukhala m'mutu, chifukwa wapolisi mnzake wa pa kauntala anali atadandaula dzulo lonse kuti zotsatira za mwana wake, wa sukulu yomweyo, zinakana kutseguka mpaka masana.

Mlembi wa sukulu anali mayi wonenepa, wotopa, wosachedwa kupsa mtima.

"Musandikumbutse za dzulo, chonde. Zotsatira tinaziika 9 koloko ndendende. Nthawi yomweyo zonse n'kuzima. Makolo anadzaza apa, ena kukuwa, ena kundiloza chala ngati ndine ndameza intaneti. Ndinachita kutseka zenera."

"Palibe anakwanitsa kutsegula tsambalo m'mawa?"

"Angatsegule bwanji? Ngakhale ine, wokhala pano, linandikana. Aphunzitsi aakulu linawakana. Woyamba kuona anaona 1 koloko ili pafupi."

"Nanga wina atakuuzani kuti anaona 10 koloko?"

"Ndingamuuze kuti ndi wabodza, kapena ndi mfiti."

Sajeni sankakhulupirira kuti Tayi ndi mfiti, ndipo chithunzicho sichinali chabodza. Anabwerera ku kachipinda ka a Mawaya ndi wapolisi wa zamakompyuta, bambo wa imvi wotsala pang'ono kupuma ntchito, amene anzake ankamuti Mdala. Mdala anakhala pa umodzi wa mipando iwiri ija, n'kuyamba kuwerenga mizere yoyera pa sikirini yakuda. Sankalankhula akamagwira ntchito. Patapita nthawi anavula magalasi n'kupukusa mutu.

"Mkuluyu anali katswiri," anatero. "Makina awa amakumbukira. Adiresi iliyonse imene wina wafunsa ali muno, amaisunga. Wosunga maadiresi wamkulu uja akakhala chete, iwo sataya mtima, amangopereka imene anaisunga dzulo. Anawakonza dala kuti azitero."

"Ndiye tsamba la sukulu?"

"Adiresi yake ili muno. Malemuwa akhala akulitsegula m'mawa uliwonse kuyambira Lolemba. Taonani: Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, nthawi yomweyomweyo, hafu pasiti 7."

Sajeni anayang'anitsitsa mizereyo. Nkhalamba yosalankhulana ndi mwana wake, m'mawa uliwonse kudikirira zotsatira za mdzukulu.

"Dzulo m'mawa," Mdala anapitiriza, "mumzinda monse muno, tsamba limenelo likanatseguka m'chipinda chino chokha. Kwa munthu wolumikizidwa ku wayifayi ya muno."

"Alipo analumikizidwa?"

"Foni imodzi. Inalowa 9:41, osafunsa nambala yachinsinsi, chifukwa makinawa ankaidziwa kale. Inatuluka 10:58." Analoza mzere wina ndi chala. "Malemuwa foni iliyonse ankaipatsa dzina. Iyi anailemba kuti *Mwanawanga*."

*

Sajeni sanafune kumufunsira Tayi pamaso pa olira. Anamuitanira kuseri kwa nyumba, pamene panali waya woyanikapo zovala ndi mpopi wodontha. Tayi anabwera akukoka miyendo. Anali asanagone, maso ali ofiira.

"Chithunzi chija munajambulira kuti?" anafunsa Sajeni.

"Kunyumba."

"Inu ntchito imeneyi mumaidziwa kuposa ine. Ganizani bwino, kenaka mundiyankhenso."

Tayi anamuyang'ana. Sajeni anaona nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono, pamene katswiri wa makompyuta mwa iye anazindikira zimene mwana wolira bambo ake anaiwala. Anakhala pansi pa simenti, tayi ikukhudza maondo.

"Makina aja," anatero chapansipansi. "Anakumbukira."

"Ndiuzeni."

Mpopi unkadontha m'chidebe.

"Ndinapita kukapempha. Kuchipatala anandiimbira kuti sakutha kuona mafayilo a odwala. A ambulansi anandiimbira pa foni ya m'manja ya bwana wawo, kuti nambala yawo yangozi yafa, chifukwa imadutsa pa intaneti. Onsewo ndinawasamutsa ndine. Ndinawauza ndine kuti kampani yaikulu sigwa. Ndiye ndinati ndipite kwa ababa, mwina angawabwezere pa makina awo kwa tsiku limodzi lokha.

"Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa. Koma atangondiona pakhomo anati, wabwera bwino, khala apa, zotsatira zatuluka. Anali atazitsegula kale koma sanaziwerenge. Akuti anatseka sikirini ndi pepala, chifukwa sizoyenera kuti agogo aone bambo asanaone. Anandithirira tiyi. Tinachotsa pepalalo limodzi." Mawu ake anasweka. "Anaseka, mayi. Ankamenya tebulo. Ankati masamu amenewa ndi anga, watengera ine. Ndinatsegulanso pa foni yanga n'kujambula kuti mayi ake aone."

"Kenaka?"

"Kenaka ndinanena chomwe ndinadzera. Anasiya kuseka. Anati sizingatheke lero. Kusamutsa dzina kumafuna makiyi achinsinsi a pakompyuta, ndipo makiyi onse ndinawapereka kwa kampani yomwe yagwayo. Anati, ndinakuuza kuti usiyeko kope imodzi kuno, unati ndine wachikale. Sanakuwe ayi. Anangonena. Koma ine ndinali nditatukwanidwa m'mawa wonse, ndiye ndinawayankha zoipa. Ndinati akusangalala kuti anthu akuvutika bola iwo apambane mkangano. Ndinati makina awo ndi zinyalala, ndipo iwonso… Ndinatuluka. Ananditsatira mpaka pamwamba pa masitepe n'kundigwira mkono."

"Kuti akumenyeni?"

"Ayi." Tayi anapukusa mutu mwamphamvu. "Ayi. Anati, usachoke chonchi, tiyi wako sunamalize. Ine ndinangokutumula mkono kuti andisiye. Sindinayang'ane n'komwe. Ndinangomva akugubuduka pa masitepe."

Sajeni anadikira.

"Anali moyo. Ankalankhula. Miyendo yokha sankaimva. Ndinaopa kuwanyamula chifukwa cha khosi. Ndinaimbira ambulansi." Anatulutsa foni, naipereka osayang'ana. Sajeni anaona nambala imodzimodziyo itabwerezedwa kutsika m'munsi, kakhumi ndi kanayi. "Sinkalira n'komwe. Ndinkadziwa chifukwa chake, komabe ndinkangoimba."

"Chitseko cha kumsewu chili pafupi. Bwanji simunatuluke kukakuwa? Galimoto iliyonse ikanaima."

"Funso limenelo ndadzifunsa usiku wonse." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinkati ikalowa foniyi ndinena kuti ndawapeza atagwa. Ndikakuwa, anthu abwera, afunsa kuti wagwa bwanji, iwo ali maso. Ndinachita mantha. Ndinataya theka la ola ndikuchita mantha. Pamene ndinkati basi ndituluke, anandigwira malaya. Anati, pita kwanu. Sunabwere kuno. Mwana wakhoza, asamve zimenezi lero. Kenaka anapempha kuti ndiwavule magalasi, akuti akuwapweteka kuseri kwa khutu. Posakhalitsa anasiya kupuma, ndipo ndinawatseka maso."

Sajeni anatseka kabuku kake. Mawu omalizawo panalibe wina anawamva, ndipo khoti likanatha kuwakhulupirira kapena ayi. Iye anawakhulupirira, koma zimenezo sizinasinthe ntchito yake.

"Tipita limodzi," anatero. "Sindikumangani manja. Galimoto ili kumsewu wa kuseri. Mkazi wanu ndimuuza ndekha."

Tayi anagwedeza mutu. Anaimirira movutika, ngati munthu wokalamba.

Atatembenuka anapeza chitseko cha kukhitchini chili chotsegula. Mayi ake anali ataima pamenepo, ndipo palibe anadziwa kuti afika nthawi yanji. M'manja ananyamula juzi yaubweya yotuwa, yopindidwa bwino.

"Amayi," anatero Tayi.

Iwo sanamuyang'ane. Anayang'ana Sajeni.

"Dzulo anabwera kuno maondo a thalauza ali ndi fumbi la simenti," anatero, mawu awo ali phee. "Mwana ameneyu sagwada pansi chiyambire. Ndinangoona n'kudziwa. Ndakhala pakona paja usiku wonse, anthu akuti mayiwa bwanji sakulira. Sindinadziwe kuti ndiyambe kulira uti."



Mayiwo anatsika sitepe imodzi, n'kumupatsa Sajeni juziyo m'manja.

"Ndamva kuti kumeneko amagona pansi. Ameneyu chifuwa chake n'chovuta kuyambira ali khanda. Muzionetsetsa kuti wavala."

Kenaka anabwerera m'nyumba n'kukoka chitseko. Sajeni ndi Tayi anali asanafike pa geti pamene kulira kwawo kunayamba.